Omron M2 Basic: makina a BP kwa amene ntchito ikuwapanikiza

Makinawa sayeza nkhawa. Amayeza BP ndi kugunda kwa mtima basi. Koma kwa munthu amene amaweruka khosi lili gwa, tulo osabwera, mtima uli thithithi bwana akangoitana, amathandiza kuona ngati thupi layamba kulipira.

Ndi osavuta. Lamba mumamanga pamkono pamwamba pa chigongono, n'kudina batani limodzi. Amayendera mabatire anayi a AA, choncho magetsi akazima palibe vuto. Salumikizana ndi foni, ndiye pezani kope lolembamo manambala.

Vuto lalikulu ndi lamba. Amene amabwera m'bokosi amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Mkono wanu ukakhala wonenepa kuposa pamenepo, lamba wothina amakweza manambala, mungadzidzimuke pachabe. Yezani mkono ndi tepi ya telala musanagule, ndipo ngati n'koyenera funsani lamba wamkulu ku famase.

Kayezedwe nako kamasokoneza ambiri. Khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi pansi osapingasa, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Musalankhule. Khofi ndi fodya zidikire: pazidutsa mphindi 30 musanayeze. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba musawawerengere.

Pambali pa nambala iliyonse lembani za tsikulo: malipoti a mapeto a mwezi, shifiti ya usiku, mkangano ndi mnzanu wa mu ofesi, mphekesera zoti ena achotsedwa ntchito. Apa ndiye pali phindu. Mukaona kuti Loweruka ndi Lamlungu BP imatsika, Lolemba n'kukweranso, muli ndi poyambira kukambirana ndi bwana za kuchuluka kwa ntchito kapena tchuthi chomwe simunatenge. Ikakhala kuti avereji ya manambala a sabata yonse ikufika 135/85 kapena kupitirira, kopelo lipite kwa dokotala. Ikafika 180/120, makamaka ndi kupweteka pachifuwa kapena kusaona bwino, thamangirani kuchipatala.

Kwa munthu wankhawa kale, amene angamayeze ola lililonse, makinawa angangowonjezera mantha. Ameneyo awasiye kunyumba, asamapite nawo ku ofesi.