Meta AI, ChatGPT kapena Gemini, tigwiritse iti?

Anthu akumandifunsa pafupipafupi kuti pa zitatuzi, zomwe ndi mapulogalamu a AI oti ukawalembera funso amakuyankha ngati munthu, yabwino ndi iti, ndiye ndingoyankha kamodzi basi.

Meta AI ambiri ayambira pamenepo chifukwa sumachita kudawunilodi kanthu, ili kale mu WhatsApp momwemo, umangoilembera ngati ukucheza ndi mnzako. Pa kafunso kachangu kapena kukonza chizungu cha meseji imathandiza ndithu. Koma kuphweka komweko ndi komwe kumandidetsa nkhawa, munthu amaiwala kuti akuyankhula ndi makina a kampani mpaka kuiuza za matenda ake, za mavuto a m'banja, zinthu zoti ngakhale mchemwali wake sanamuuzepo. Macheza anu ndi anthu pa WhatsApp amakhala okiyidwa inde, koma zomwe mwalembera Meta AI zimakafika kwa Meta, kampani yomwe ndi mwini wake wa WhatsApp, izi muzidziwe.

ChatGPT ya kampani ya OpenAI, yomwe inatuluka mu Novembala 2022, ine ndimaikonda pa ntchito yaitali, kalata yofunsira ntchito, kumvetsa phunziro lomwe lakuvuta, ukaiuza kuti sindinamve tafotokozanso mophweka imabwereza kangapo konse osakukalipira, ndipo kwa munthu wamanyazi kufunsa m'kalasi zimenezi si zazing'ono. Yaulere ili ndi malire, ukaipanikiza kwambiri imakuuza kuti udikire kaye.

Gemini ndi ya Google, inkatchedwa Bard mpaka 2024. Ngati moyo wanu uli pa Gmail ndi Docs (pulogalamu ya Google yolembera), tengani imeneyi, imalumikizana nazo.

Tsono pali matenda amodzi omwe zonsezi zili nawo: zimanama, komanso zimanama molimba mtima osaphethira. Chifukwa chake ndi choti zinaphunzitsidwa kulosera mawu oyenera kubwera kutsogolo kuchokera pa zolemba zambirimbiri, ndiye pomwe sizikudziwa zimangopeka chinthu chomveka bwino. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa $5,000 atapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka, milandu yoti sinachitikepo. Anthu ophunzira amenewo anagwa nazo, nanga mwana wa sukulu amene akungokopera yankho n'kupereka kwa aphunzitsi osawerenga komwe? Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa mwanayo amakhoza homuweki koma m'mutu simunalowe kanthu, tsiku la mayeso foni kulibe.

Pa Chichewa zonse zitatu zimapunduka poyerekeza ndi chizungu, poti zolemba zathu pa intaneti ndi zochepa, nthawi zina chiganizo chimaoneka chathu koma ukachiwerenga mokweza umamva kuti palibe munthu amayankhula choncho.

Ineyo ndimatere: zachangu zosakhudza zinsinsi Meta AI, zolemba ndi kuphunzira ChatGPT, za maimelo Gemini. Koma ikandipatsa dzina, chaka, nambala kapena mlingo wa mankhwala, ndimakafufuzanso kwina, ndipo za mankhwalazo ndimakafunsa adokotala.