Malikisi a Mafilimu pa Intaneti: Tikhulupirire a Ndani?

Filimu ya Star Wars: The Last Jedi itatuluka mu Disembala 2017, akatswiri ounika mafilimu pafupifupi 90 mwa 100 alionse anaiyamikira pa webusaiti ya Rotten Tomatoes, ndipo anthu amene anaionera tsiku loyamba anaipatsa giredi ya A pa kafukufuku wa CinemaScore, koma malikisi a anthu wamba pa Rotten Tomatoes pomwepo anatsikiratsikira mpaka anafika pansi pa 50 peresenti. Palibe amene analakwitsa masamu. Njira iliyonse imafunsa anthu ake, pa nthawi yake, ndipo funso limene imafunsa si lofanana ndi la inzake. Choncho munthu amene akusankha filimu yoti aonere ayenera kudziwa kaye kuti nambala imene ili pamaso pakeyo yachokera kwa ndani, apo ayi adzataya maola awiri n'kuyamba kudana ndi filimu imene sanapangire anthu onga iye.

Rotten Tomatoes, yomwe inayamba mu 1998, ndi imene imatchulidwa kwambiri, ndipo ndi imenenso anthu ambiri saimvetsa. Nambala yake yaikulu, Tomatometer, si malikisi ngati a mayeso. Ndemanga ya katswiri aliyense imaikidwa mbali imodzi mwa mbali ziwiri, yoyamikira kapena yosayamikira, kenako amawerengera kuti oyamikirawo alipo angati mwa 100 alionse. Akafika 60 kapena kuposa, filimu imalandira chizindikiro chofiira cha Fresh, ndipo akapanda kufika imalandira chobiriwira cha Rotten. Tiyerekeze kuti akatswiri 100 aonera filimu ina ndipo aliyense wanena kuti ndi yabwinoko ndithu ngakhale kuti sidzakumbukika. Filimu imeneyo ipeza 100 peresenti. Ndiye tiyerekezenso kuti pa filimu yachiwiri akatswiri 50 anena kuti sanaonepo yoposa iyi chaka chonse, pamene 50 enawo anyansidwa nayo. Iyi ipeza 50 peresenti n'kutchedwa Rotten, chikhalirecho mwina ndi imene ikanakhala m'maganizo mwanu kwa zaka zambiri. Tomatometer imayeza kugwirizana kwa akatswiri, ndipo imakomera mafilimu osakhumudwitsa aliyense. Filimu yolimba mtima, imene wopanga wake wasankha mathero owawa kapena njira yachilendo yofotokozera nkhani, nthawi zambiri imataya maperesenti pa chifukwa chomwecho chimene ena amaikondera.

Metacritic, yomwe inayamba mu 2001, imayesa kukonza vuto limeneli. Ndemanga iliyonse imapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 100, ndipo ngati wolemba sanaike yekha nyenyezi kapena malikisi, ogwira ntchito pa webusaitiyo amawerenga zimene walemba n'kuikapo nambala imene akuona kuti ikugwirizana ndi mawu ake. Pa mafilimu, 61 kupita m'mwamba ndi wobiriwira, 40 mpaka 60 ndi wachikasu, ndipo pansi pa 40 ndi wofiira. Apa filimu ija ya "yabwinoko ndithu" ingapeze cha m'ma 60, osati 100, ndipo n'chifukwa chake manambala a Metacritic amaoneka ouma poyerekeza ndi a Rotten Tomatoes. Ineyo ndimaona kuti pa mawebusaiti awiriwa, Metacritic ndi imene imanena zoona kwambiri pa funso loti akatswiri aikonda motani filimu. Zofooka zake n'zakuti imatenga ndemanga m'manyuzipepala ndi m'magazini ochepa, ambiri mwa iwo olembedwa m'Chingelezi, komanso imapereka mphamvu zambiri kwa olemba ena kuposa anzawo popanda kuulula kuti ndi ati.

Koma kaya ndi pa Rotten Tomatoes kapena pa Metacritic, katswiri ndi munthu wa mtundu wina. Amaonera mafilimu mazanamazana pa chaka, ambiri mwa iwo osasankha yekha, ndipo nkhani ya ngwazi imene yataya zonse n'kudzapambana kumapeto waiona kambirimbiri moti akaionanso amayasamula. Chimene chimamudzutsa ndi chinthu chatsopano, monga kamera imene yakhala malo amodzi kwa mphindi zingapo osasuntha, kapena wosewera amene akusonyeza chisoni popanda kulankhula. Munthu wopita kukaonera filimu kanayi kapena kasanu pa chaka amapita ndi chiyembekezo china. Walipira tikiti, mwina watenga ana, ndipo akufuna kulandira chimene analonjezedwa. Filimu ya makatuni ya The Super Mario Bros. Movie ya mu 2023 inatsala pang'ono kufika pa 60 peresenti kwa akatswiri a pa Rotten Tomatoes, amene ankadandaula kuti nkhani yake ndi yopyapyala, koma oonera anaipatsa A pa CinemaScore ndipo inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni padziko lonse. Anthu amene anakula akusewera gemu ya Mario sanapite kukafuna nkhani yakuya. Anapita kukaona anthu a m'gemu aja, kumva tinyimbo timene ankatidziwa ali ana, ndi kuseka pamodzi ndi ana awo, ndipo zonsezi anazipeza.

CinemaScore ndi yosiyana ndi zonse chifukwa siidalira intaneti posonkhanitsa maganizo. Anaiyambitsa ndi Ed Mintz chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo likulu lake lili ku Las Vegas. Tsiku loyamba kuonetsedwa kwa filimu, antchito ake amapita ku nyumba zoonetsera mafilimu m'mizinda ingapo ya ku United States ndi Canada n'kupatsa oonera timakhadi toti asonyezepo giredi, ndipo zotsatira zimatuluka kuyambira A+ mpaka F. Ubwino wake ndi woti aliyense woyankha waioneradi filimuyo, ndipo gulu la anthu okwiya silingapangane pa intaneti kuti ligwetse malikisi. Komabe taganizirani za anthu amene amapita tsiku loyamba. Ndi amene anakopeka ndi kanema wachidule wotsatsa filimu, kapena amene amakonda kale wosewera wamkulu, choncho amalowa ali okonzeka kusangalala. N'chifukwa chake giredi ya B, imene kusukulu ndi yabwino, pa filimu yaikulu yodya ndalama zambiri imadetsa nkhawa eni ake, ndipo mafilimu opeza F ndi ochepa zedi.

Chimene CinemaScore imayeza bwino kwambiri ndi mtunda umene ulipo pakati pa lonjezo ndi chimene chaperekedwa, ndipo apa m'pamene pagona chidani chochuluka cha anthu pa mafilimu. Filimu yoopsa ya Hereditary ya mu 2018 inayamikiridwa ndi akatswiri pafupifupi 90 mwa 100 alionse, koma oonera a tsiku loyamba anaipatsa D+. Otsatsa anailengeza ngati filimu yoopsa kuposa zonse za m'zaka zimenezo, ndipo anthu analowa akuyembekezera kudzidzimutsidwa mphindi zochepa zilizonse. M'malo mwake anapeza banja lili pa chisoni cha imfa, likudya chakudya chamadzulo mwakachetechete mpaka mayi anaphulika ndi mkwiyo pamaso pa mwana wake, nkhani ikuyenda pang'onopang'ono ndipo mantha akukula mobisika. Kwa munthu amene anabwera ndi anzake kudzakuwa ndi kuseka, kanema wotsatsa uja anali chikomekome cha nkhuyu. Kwa amene analowa osayembekezera kanthu, kapena amene amakonda mantha obwera mwapang'onopang'ono, filimu yomweyo inali yosaiwalika. Choncho giredi yotsika ya CinemaScore pa filimu imene akatswiri aiyamikira kawirikawiri imatanthauza kuti otsatsa anaitana anthu olakwika, ndipo ine ndikaona zimenezi chidwi changa chimakula m'malo mochepa.

IMDb ndi yakale kuposa mawebusaiti onsewa. Inayamba mu 1990 ndi Col Needham, ndipo kampani ya Amazon inaigula mu 1998. Aliyense amene walembetsa akhoza kuvota kuyambira 1 mpaka 10, ndipo mafilimu otchuka amakhala ndi mavoti oposa miliyoni. Kuchuluka kwa ovota ndi mphamvu yake, chifukwa pa filimu imene yatha zaka zingapo nambala yake imakhazikika ndipo siigwedezeka wamba. Koma palibe amene amafunsa wovota ngati waionera filimuyo. Pakabuka mkangano wokhudza ndale, chipembedzo, mtundu wa wosewera, kapena kusinthidwa kwa munthu wa m'nkhani amene anthu anamuzolowera, ena amathamangira kupereka 1 ndipo otsutsana nawo amabwezera ndi 10, onsewo asanaone n'komwe chithunzi choyamba. IMDb imanena kuti simangotenga avereji wamba koma imasefa mavoti m'njira imene siiulula, ndipo zimenezi zimathandiza pang'ono chabe. Vuto lomweli linakakamiza Rotten Tomatoes kusintha mu 2019, pamene anthu anadzaza tsamba la Captain Marvel ndi ndemanga zonyoza filimuyo isanatuluke. Analetsa ndemanga za anthu wamba filimu isanayambe kuonetsedwa, kenako anayamba kuika patsogolo mavoti a anthu otsimikizika kuti anagula tikiti. Kusinthaku kunachepetsa chinyengo, koma kunachititsanso kuti malikisi a anthu wamba akwere, poti tsopano akuvota ndi amene anasankha okha kulipira. Ndi bwinonso kukumbukira kuti kuyambira 2016 Rotten Tomatoes ili m'manja mwa Fandango, kampani yogulitsa matikiti a mafilimu.

Chinthu chothandiza kwambiri pa IMDb si nambala ili pamwambayo ayi, koma tchati chimene chimaoneka mukadina pa nambalayo, chosonyeza kuti anthu angati apereka 1, angati apereka 2, mpaka 10. Mafilimu awiri akhoza kukhala ndi 6.5 onse, koma pa yoyamba mavoti aunjikana pa 6 ndi 7, pamene pa yachiwiri pali mzere wautali pa 10, wina wautali pa 1, ndipo pakati pali pochepa. Yoyambayo ndi filimu yongotayitsa nthawi bwinobwino. Yachiwiriyo yagawanitsa anthu, ndipo muyenera kufufuza ngati chowagawanitsacho chili m'filimu momwemo kapena ndi mkangano wa kunja umene sukukukhudzani.

Letterboxd, webusaiti ya okonda mafilimu imene inayamba mu 2011 ku New Zealand, imaika tchati choterechi poyera pa tsamba la filimu iliyonse. Amagwiritsa ntchito nyenyezi, kuyambira theka mpaka zisanu, ndipo pambali pake pali kachizindikiro ka mtima kamene munthu angadine posatengera nyenyezi zimene wapereka. Kanthu kakang'ono kameneka kamavomereza chimene mawebusaiti enawo amachinyalanyaza, chakuti kuona kuti filimu yapangidwa mwaluso n'kosiyana ndi kuikonda. Munthu akhoza kupereka nyenyezi ziwiri kwa filimu yoseketsa yopanda mutu weniweni n'kudinabe mtima chifukwa amaionera mobwerezabwereza akatopa, ndipo akhoza kupereka zinayi ndi theka kwa filimu yolemera imene sakufuna kudzaioneranso. Mungathenso kutsatira anthu amene mwaona kuti zokonda zawo zikufanana ndi zanu, ndipo malikisi awo amaoneka paokha. Chenjezo n'lakuti anthu a pa Letterboxd ambiri ndi achinyamata okonda mafilimu kwambiri, amene amakweza mafilimu aluso ndi akale kuposa mmene munthu wamba angachitire, ndipo ndemanga zimene zimakwera pamwamba nthawi zambiri ndi nthabwala za mzere umodzi zosakuuzani kanthu.

Palinso nkhani ya nthawi, imene manambala onsewa amaibisa. Filimu ya The Thing, yopangidwa ndi John Carpenter, itatuluka mu 1982, milungu iwiri pambuyo pa filimu yotchuka ya E.T., akatswiri ambiri anainyoza kuti ndi yonyansa ndipo anthu sanapite kukaionera mwaunyinji, koma lero imawerengedwa pakati pa mafilimu oopsa apamwamba kwambiri. The Shawshank Redemption ya mu 1994 sinapange ndalama zambiri itangotuluka ndipo sinapambane mphoto ya Oscar ngakhale imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zimene inapikisanapo, koma anthu anaipeza pambuyo pake pa matepi a vidiyo ndi pa wailesi yakanema, ndipo kwa zaka zambiri yakhala pamwamba penipeni pa mndandanda wa mafilimu 250 okondedwa kwambiri pa IMDb. Malikisi a filimu yakale amaperekedwa makamaka ndi anthu amene anaifunafuna okha atamva mbiri yake, pamene a filimu yatsopano amaperekedwa anthu akadali ndi chisangalalo kapena mkwiyo wa mlungu woyamba. Kuyerekeza 8.2 ya filimu ya zaka 40 ndi 8.2 ya filimu ya masiku atatu n'kuyerekeza zinthu zosiyana, ndipo yachiwiriyo nthawi zambiri imatsika miyezi ikamapita.

Pa filimu yaikulu yoti muonere ndi banja lonse, CinemaScore ndi malikisi a ogula matikiti a pa Rotten Tomatoes n'zokwanira, chifukwa funso lanu ndi lomwelo limene iwo akuyankha, loti filimu ikupereka chimene inalonjeza kapena ayi. Pa filimu yakachetechete, yachilendo kapena yoopsa, yambani ndi Metacritic kenako muone tchati cha pa Letterboxd. IMDb isungireni mafilimu amene atha chaka kapena kuposa. Mafilimu ochokera m'mayiko amene anthu ake savota kwambiri pa mawebusaitiwa, komanso mafilimu ang'onoang'ono, amakhala ndi mavoti ochepa moti achibale ndi anzake a wopanga filimu akhoza kukweza nambala okha, ndipo akatswiri a pa Metacritic mwina sanaione n'komwe. Pamenepo nambala isiyeni, muwerenge ndemanga ziwiri kapena zitatu zazitali, ndipo imodzi ikhale ya munthu amene wadana nayo filimuyo. Woyamikira amakonda kungonena kuti ndi yabwino kwabasi, pamene wodandaula amatchula chinthu chenicheni, monga kuti ikuchedwa, anthu ake salankhula kwambiri, kapena yatha popanda kufotokoza amene anapha munthu. Ngati inu mumakonda mafilimu osiya funso m'mutu, dandaulo lomalizali likukuuzani kuti muionere.