Galaja ya ku Matundo: mestre ndi katswiri, koma mwana wa mwini wake ayi

Injini yanga ya LS1, V8 ya kampani ya General Motors ija ndinaitanitsa ku Johannesburg kuti ilowe mu Land Cruiser yakale, ndinaipereka ku galaja ina ya ku Matundo, mu mzinda wa Tete, kuti aimange kukhala stroker, kutanthauza injini yoikulitsa poiika kilanki (shafiti imene mapisitoni amaizunguliza) yoyendetsa mapisitoni mtunda wautali. Kilanki ya mamilimita 101.6 m'malo mwa ija ya 92, kuti ichoke pa malita 5.7 ifike cha pa 6.3. Zipangizo ndinagula ndekha. Iwo yawo inali kumanga basi, pa mtengo uja amauza aliyense wobwera ndi V8, osachotsako ngakhale metikali imodzi.

Tsiku lokatenga galimoto, atangoliza injini, pansi panayamba kumveka kaphokoso, ngwe-ngwe-ngwe, kothamanga limodzi ndi moto. Mnyamata amene amalandira makasitomala, mwana wa mwini galajayo, sanawerame n'komwe kuti amvetsere. Anangoti, "Bambo, injini yatsopano imatero, pofika ku Ulóngwè zikhala zitakhazikika." Ndinamuuza kuti phokoso la mavavu limachokera pamwamba, pomwe ili likuchokera ku sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini. Anaseka pamaso pa anzake, n'kunena kuti anthu a ku Angónia timadziwa za kachewere, za injini tiwasiyire iwo. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero. Ndinazimitsa galimoto, ndinati sichoka pano sampu isanatsegulidwe.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wachikulire amene onse pagalajapo amamutchula kuti mestre, mawu achipwitikizi otanthauza katswiri wa ntchito. Injiniyo sanamange ndi iwo, anali atapatsidwa ntchito ina. Anamvetsera pang'ono n'kuuza anyamata kuti akhetse oyilo. M'oyilomo munali tizitsulo tonyezimira. Atatsitsa sampu, vuto linali poyera: windage tray, chilata chija chimakhala pakati pa kilanki ndi sampu kuti kilanki isamamenye oyilo n'kumuchititsa thovu, chinali ndi mikwingwirima yowala pamene mitu ya mabauti a makonirodi (ndodo zolumikiza mapisitoni ku kilanki) imadutsa. Kilanki yatsopanoyi imataya konirodi pafupifupi mamilimita 5 kupitirira pamene yakale inkafika, ndiye chilata cha fakitale chikamangidwa momwe chinalili, ziyenera kugundana. Aliyense amene anamangapo stroker ya LS amadziwa zimenezi. Amene anamanga yanga anangomanga mabauti n'kutseka, osazunguliza kilanki ndi dzanja ngakhale kamodzi. Ndikanamvera mnyamata uja n'kuyamba kukwera mapiri a ku Angónia, tizitsulo timeneto tikanalowa m'mabering'i.

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kutsika, chifukwa mestre anagwira ntchito ine ndikuona. Anaika mawashala olimba pansi pa chilatacho, pa mabauti a ma main cap (zitsulo zogwira kilanki m'malo mwake) pomwe chimakhalira, kuti chitalikirane ndi kilanki. Pamalo pamene panali pothinabe anapagogoda pang'onopang'ono. Kenako anazunguliza kilanki ndi sipanala, n'kumaima pa konirodi iliyonse mwa zisanu ndi zitatuzo, akuyeza mpata ndi timapeni tija toyezera. Anati safuna mpata wochepera milimita imodzi ndi theka paliponse, poti injini ikatentha n'kukwera moto zitsulo zimafutukuka ndiponso chilata chimanjenjemera, ndiye chongodutsa mwamwayi injini ili yozizira chimadzagunda pamsewu. Kutentha kwa ku Tete kuno nonse mukukudziwa.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti sanalekere pomwepo. Paipi yokoka oyilo imamangidwanso pa mabauti omwewo, ndiye chilata chikasuntha, nayonso imatha kuyandikira pansi pa sampu. Anamata kadongo kukamwa kwa paipiyo, kuvalika sampu, kuivulanso, n'kuyeza kuti dongolo laphwanyika bwanji. Anafuna mpata wa pakati pa mamilimita 6 ndi 10, kuti pampu isabanike komanso isamakoke mpweya. Anatsegulanso mabering'i kuti aone ngati akalika, mwamwayi anali bwinobwino.

Pofika polipira, mnyamata uja anandilembera oyilo watsopano, fyuluta ndi gasiketi ya sampu, ngati kuti wolakwa ndine. Tinakangana mpaka mestre analowererapo, "Achimwene, zolakwa zathu asalipire kasitomala." Mnyamatayo anachotsa mtengo wa gasiketi yokha. Kupepesa sanapepese.

Galimoto pano ikuyenda bwino. Kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama mpaka kukwera kufika kwathu, muvi wa oyilo sunagwedezeke ndipo kaphokoso kaja kanatheratu. Mphamvu yake pachitunda ndi ija ndinkaifuna.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu, zonse n'za mestre. Ngati mukupititsako stroker, nenetsani kuti amange ndi iwowo, ndipo sampu isatsekedwe musanaone ndi maso anu kilanki ikuzungulira osakhudza chilata.