Amisiri a ziliza a ku Mchesi atigwirira ntchito yabwino pa chiliza cha Madam athu

Amene mukufuna kumangitsa chiliza, pali amisiri ena ku Mchesi ku Lilongwe kuno, mbali ya okhoma mabokosi ija, amenewa ndiwayamikire ndithu. Ife ana asukulu akale tinasonkherana pa gulupu ya WhatsApp, wina pa Airtel Money wina pa Mpamba, anzathu a ku Johannesburg nawo anaponyapo, kuti tiwamangire Madam athu omwe anatisiya chaka chatha. Mayi amenewa anatilandira Sitandade 1 mu 1994 sukulu za pulayimale zitangokhala zaulere, ana tinali mbwee pansi pa mtengo wa mango bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, koma aliyense ankamudziwa dzina ndi kwawo komwe, ukajomba masiku awiri umangoona Madam atulukira pakhomo kudzafunsa amayi ako ngati ukudwala. Munthu otereyu sitikanamumangira chinthu chongoti bola.

Chomwe ndinawakondera amisiriwa, sanatikakamize zodula. Anatiuza mosabisa kuti terazo ndiyotchipa koma pakapita zaka imasuluka, pomwe granite yakuda ndiyodula koma zilembo amachita kugoba pamwala penipeni, sizifufutika ndi mvula ngati za penti. Ndalama zathu zinali zoperewera ndiye anati mutu okha ukhale wa granite kwinako terazo, ndipo chaoneka bwino zedi. Asanagobe anatumiza kaye mawu onse pa foni kuti akubanja aone dzina, zaka ndi vesi ya 2 Timoteyo 4:7, mwana wawo wamkulu atavomereza mpamene anayamba. Anatilangizanso tidikire mvula ithe dothi likhazikike, apo ayi chiliza chimapendekeka kapena kung'aluka.

Kumanda anyamata awo anali aulemu, anadikira mpaka amfumu atapereka chilolezo, adzukulu ndi omwe anawalowetsa, simenti anakandira kunja ndipo pochoka sanasiye ngakhale pepala la simenti pa manda a eni ake.

Pomwe sanatisangalatse mpa thiransipoti. Mtengo omwe anatiuza poyamba munalibe za galimoto yonyamula mwala kupita kumudzi ku Dedza, tinadzamva titapereka kale dipoziti, zinatengera kubwereranso pa gulupu kukapempha anthu aonjezere. Anachedwanso pang'ono ati magetsi amathimathima makina odulira samagwira. Ndiye mukapita funsiranitu za galimoto, alembe zonse pa lisiti, ndipo tsiku lovundukula musawauze abale mwala usanatuluke mu shopu.