Ndemanga pa Minecraft Education titaigwiritsa ntchito materemu awiri

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi sayansi pa sukulu ina yomwe si yaboma mumzinda wa Zomba, ndipo kwa materemu awiri apitawa ndakhala ndikugwiritsa ntchito Minecraft Education ndi ophunzira a Sitandade 7 ndi a Fomu 1 omwe amatsalira Lachiwiri ndi Lachinayi anzawo akaweruka. Tili ndi malaputopu 12 ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ana amakhala awiriawiri pa laputopu imodzi, wina kugwira mausi ndi kiyibodi, mnzake kugwira kope ndi pensulo, kenako n'kusinthana. Ndikuipatsa pulogalamuyi nyenyezi zinayi mwa zisanu, koma amene akufuna kuigula awerenge kaye zonse, chifukwa nyenyezi zinayizo zimadalira kwambiri munthu amene waimirira kutsogolo kwa kalasi.

Kwa amene sakuidziwa, Minecraft ndi gemu yomwe inayambitsidwa ndi Markus Persson ku Sweden mu 2009, ndipo kampani ya Microsoft inagula Mojang, kampani yomwe imapanga gemuyi, mu 2014 pamtengo wa madola 2.5 biliyoni. Dziko la m'gemuyi ndi lopangidwa ndi mabuloko okhaokha, dothi, miyala, mitengo, mchenga ndi madzi, ndipo wosewera amakumba, kutola ndi kumanga chilichonse chimene mutu wake wamuuza. Mtundu wa m'sukulu unatuluka mu Novembala 2016, ndipo umasiyana ndi gemu ya masiku onse chifukwa uli ndi zida za mphunzitsi: mabolodi olembapo, anthu ongopanga omwe mumawaikira mawu oti azilankhula ndi ophunzira, kamera ndi buku losungiramo zithunzi za ntchito, zipangizo za chemistry, komanso malo olemberamo khodi, kutanthauza malamulo ouza kompyuta zochita. Umagwira pa makompyuta a Windows ndi Mac, pa Chromebook, pa iPad ndiponso pa zipangizo za Android.

Masabata atatu oyamba ndinawataya, ndipo mlandu wake ndi wanga. Ndinkaganiza kuti popeza dzina lake lili ndi mawu oti maphunziro, ndingotsegula dziko latsopano, ana n'kulowa, nzeru n'kumabwera zokha. Chomwe chinachitika n'chakuti anyamata anakumba maenje ofika pansi penipeni kufunafuna dayamondi, atsikana ena anamanga nyumba zosanjikizana zamagalasi, ndipo mmodzi anathira chiphalaphala cha moto padenga la mnzake mpaka panabuka ndewu yeniyeni, ya m'kalasi osati ya pasikirini. Anasangalala kwambiri, koma nditawafunsa zimene aphunzira, yankho linali lakuti nkhosa imatuluka ubweya ukaimeta ndi sizasi, chinthu chomwe agogo awo akanawauza kwaulere. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulowa m'chipinda cha makompyuta wopanda funso limodzi lolembedwa pabolodi.

Funso lomwe linandionetsa mtengo weniweni wa pulogalamuyi linali la khola la mbuzi. Ndinapatsa gulu lililonse mabuloko 24 amiyala, ndi kuwauza kuti amange khola la ngodya zinayi lokhala ndi malo aakulu koposa mkati mwake. Popeza buloko limodzi limaimira mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kuwerenga malo a mkati kunali kungowerenga timabwalo ta udzu tomwe tatsekeredwa ndi mpanda. Gulu lina linamanga khola lalitali ngati msewu ndipo linapeza timabwalo 9 tokha, lina linapeza 16, lina 21, ena 24, ndipo omwe anamanga khola lofanana mbali zonse anapeza 25. Pasanathe mphindi makumi awiri, ana anaona okha kuti miyala yofanana kuchuluka ikhoza kutchinga malo osiyana kukula, ndiponso kuti khola likamayandikira kufanana mbali zonse, malo amkati amawonjezereka. Imeneyi ndi mfundo ya perimeter (utali wozungulira) ndi area (kukula kwa malo a mkati) yomwe ndakhala ndikuifotokoza ndi choko kwa zaka zambiri, ana n'kumagwedeza mitu ngati amva, tsiku la mayeso n'kusokoneza ziwirizo.

Koma chinthu chokoma kwambiri chinabwera pambuyo pake. Mtsikana wina wa Sitandade 7, yemwe m'kalasi salankhulalankhula, anakweza dzanja n'kunena kuti pali cholakwika, chifukwa malinga ndi buku, mpanda wa mamita 24 wofanana mbali zonse uyenera kukhala ndi mamita 6 mbali iliyonse, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36, osati 25. Kunena zoona, ine ndemwe sindinaganizepo za zimenezi pokonzekera phunzirolo. Tinayamba kuwerenga limodzi, ndipo tinapeza kuti mpanda wa m'buku ndi mzere wopanda kunenepa, pomwe mpanda wa m'gemu ndi khoma lonenepa mita yathunthu, choncho kunja kwa kholalo kunali mamita 7 mbali iliyonse, mkati mwake mamita 5, ndipo 49 kuchotsapo 25 ndiwo mabuloko 24 aja. Mnyamata wina yemwe bambo ake ndi mmisiri womanga nyumba anawonjezera kuti n'chifukwa chake chipinda chimaoneka chachikulu pa maziko koma n'kuchepa makoma akakwera. Sindikukumbukira tsiku lina pamene ana anga anatsutsana ndi buku la masamu ali ndi umboni m'manja, ndipo chifukwa cha tsiku limeneli ndinaleka kudandaula za ndalama zomwe tinalipira.

Phunziro la volume (kuchuluka kwa zimene chinthu chingasunge mkati) linayendanso bwino, ngakhale silinafike pa la khola. Anamanga mathanki a madzi, n'kuwerenga mabuloko odzaza mkati, ndipo atamva kuti buloko limodzi lotere likanakhala lenileni likanasunga malita 1000, anayamba kuyerekezera ndi zigubu za malita 20 zomwe amatungira madzi kunyumba, n'kupeza kuti ndi zigubu 50. Apa mphunzitsi akhale tcheru, chifukwa malamulo a chilengedwe a m'gemuyi si a dziko lathu lino. Mukadula tsinde la mtengo, nthambi ndi masamba zimatsala zili lende m'malere, mwala mukhoza kuusiya m'mwamba popanda chouchirikiza, mchenga ndi miyala ya gelevulo ndi zina mwa zochepa zomwe zimagwa, ndipo kadziwe kakang'ono kokumbidwa mwanzeru kamapereka madzi osatha ngakhale mutunge chotani. Ndinasandutsa zimenezi kukhala ntchito yolemba, yoti atchule zinthu zisanu zomwe zimachitika m'gemu koma sizingachitike pabwalo la sukulu, ndi kufotokoza chifukwa chake.

Gawo la khodi ndi lomwe ndingalimbikitse sukulu iliyonse yomwe ili ndi makompyuta koma ikusowa poyambira. Mukadina batani la C, pamatseguka Code Builder, ndipo pambali panu pamabwera kaloboti kotchedwa Agent, komwe kamachita zokhazo zimene mwakalamula. Malamulowo amalumikizidwa ngati zidutswa zamitundumitundu kudzera mu pulogalamu ya MakeCode, ndipo amene wazolowera akhoza kuona khodi yomweyo italembedwa m'zinenero za kompyuta za JavaScript kapena Python. Ndinawauza kuti kalobotiko kamange khoma la mabuloko 20. Poyamba aliyense analemba lamulo loti kaike buloko ndi kusuntha, n'kulibwereza pamanja mpaka kutopa, kufikira pamene mmodzi anatulukira chidutswa chobwerezera malamulo ndipo khoma lonse linamangidwa ndi mizere itatu yokha. Nkhaniyo inafalikira m'chipindamo ine ndisanatsegule pakamwa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti cholakwika chimaoneka ndi maso, pakuti khoma likapindika kapena likapelewera buloko limodzi, mwana sadikira kuti ndimuchongere, amabwerera yekha kukafufuza mzere umene wamusokoneza.

Za chemistry ndili ndi maganizo awiri. Pali chipangizo chopangira maelementi, pomwe wophunzira amawonjezera kapena kuchotsa tizigawo ta atomu totchedwa maprotoni, manyutroni ndi maelekitironi, ndipo amaona yekha kuti protoni imodzi ndi hydrogen, ziwiri ndi helium, 11 ndi sodium, 17 ndi chlorine, mpaka maelementi onse 118. Palinso china chophatikizira, momwe hydrogen iwiri ndi oxygen imodzi zimapereka madzi, ndipo sodium ndi chlorine zimapereka mchere. Kwa a Fomu 1 omwe akungoyamba kumva za atomu, zimenezi zinathandiza kuti manambala a pa periodic table, tchati ya maelementi onse, asiye kukhala zinthu zongoloweza. Komabe ana sachedwa kupeza kuti akhoza kupanga chibaluni cha helium n'kuchimangirira pa nkhumba kuti iuluke, ndipo zikafika apo phunziro lathera pomwepo. Chinanso n'chakuti m'gemu mulibe fungo, mulibe kutentha, mulibe kuyeza ndi sikelo kapena kusamala ndi asidi, moti sukulu yomwe ili ndi labu yeniyeni isaitseke chifukwa cha pulogalamuyi.

Zida zowongolera kalasi n'zokwanira, bola mphunzitsi aziphunzire asanalowetse ana. Mukhoza kuimitsa nthawi kuti kusade, popeza tsiku la m'gemu limatha m'mphindi 20 zokha, mukhoza kuchotsa zilombo, kuletsa mabomba ndi zinthu zowononga, komanso kuika mabuloko apadera omwe amaloleza kapena kuletsa kumanga pamalo ena. Ana amalowa m'dziko la mphunzitsi pogwiritsa ntchito khodi yolowera yopangidwa ndi tizithunzi, yomwe ngakhale mwana wosadziwa bwino kulemba amaitsatira mosavuta, ndipo munthu wachilendo wapaintaneti sangangolowerera popanda khodiyo. Makolo angapo anandifunsa za chimenechi poyamba penipeni, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chofunsira.

Chinenero ndi nkhani yomwe ogula a kuno kwathu aiganizire. Chichewa sichili pa mndandanda wa zinenero za pulogalamuyi, ndipo maphunziro mazanamazana okonzedwa kale omwe ali m'nkhokwe yake ambiri ndi a Chingerezi, olembedwa poganizira masilabasi a mayiko ena. Ena ndi okongola zedi, monga mayiko a madzi oundana omwe anapangidwa mogwirizana ndi BBC, koma sindinapeze ambiri ongotenga n'kuika mu sikimu yanga popanda kuwasintha. Chomwe ndinachita n'kulemba ndekha malangizo m'Chichewa pa mabolodi a m'gemu ndi m'mawu a anthu ongopanga aja, ndipo zilembo zathu zimalowa bwinobwino. Ku New Zealand anapanga dziko lotchedwa Ngā Motu lophunzitsira chinenero ndi chikhalidwe cha Amaori, zomwe zikusonyeza kuti njira ilipo yoti aphunzitsi athu apange mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa kapena msika wa kwawo m'chinenero chawo, kungoti ntchito yotere imadya maola ambiri omwe palibe amakulipira.

Pa nkhani ya ndalama, laisensi imalipiridwa pachaka pa munthu aliyense, ndipo imafuna akaunti ya Microsoft 365 ya sukulu. Mtengo wake m'madola ukuoneka wochepa, koma kwa ife olipira m'makwacha, makamaka kuchokera pamene ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira ndi ndalama zakunja chimafuna kukhala pansi ndi bursar. Ndikulangiza kuti muyambe ndi maphunziro aulere oyeserera, monga a khodi otchedwa Hour of Code, kuti muone ngati makompyuta anu akukwanitsa. Athu amatentha ndi kuchedwa ana onse akalowa m'dziko limodzi, choncho timawagawa m'magulu atatu, gulu lililonse ndi dziko lake. Intaneti imafunika polowa mu akaunti ndi potsitsa maphunziro, koma mukatsitsa, bandulo sithera msanga ngati momwe imathera poonera mavidiyo. Vuto lathu lalikulu lakhala kuzima kwa magetsi, chifukwa mabatire a malaputopu athu anafa kale, ndipo tsiku lina laputopu yomwe inasunga dziko la gulu lonse inazima pakati pa ntchito. Tsopano Lachinayi lililonse ndimakopera mayiko onse pa fulashi.

Kwa kholo lomwe likufuna kugulira mwana kuti azikhonza mayeso a Sitandade 8, sindingalonjeze kanthu, chifukwa mapepala a MANEB amafuna kuti mwana adziwe kulemba njira ya samu ndi dzanja, ndipo zimenezo zimabwera ndi kope. N'chifukwa chake lamulo langa ndi lakuti chilichonse chomangidwa m'gemu chijambulidwenso m'kope ndi miyeso yake, ndipo gulu lomwe silinalembe silikhudza mausi sabata yotsatira. Kwa mphunzitsi yemwe ali ndi makompyuta ochepa, magetsi odalirika pang'ono, ndi mtima wokonzekera phunziro lililonse ngati mmene amakonzekerera la pabolodi, pulogalamuyi ndi yoyenera kuigula. Ife tagwirizana ndi ahedi kuti tilipirenso chaka chamawa, ndipo teremu ikubwerayi ana adzatenga tepi yoyezera kwa mmisiri wa pasukulu, adzayeza makalasi, ofesi ndi zimbudzi, n'kumanga sukulu yonse m'gemu, buloko limodzi pa mita iliyonse. Mtsikana wa khola uja wafunsa kale kuti tidzatani ndi makoma, popeza a sukulu yathu sanenepa kufika mita.