Alcaraz ndi Sinner ku Paris: tiwerenge mapointi onse kapena a pa nthawi yothina?

Pa 8 June 2025, Carlos Alcaraz wa ku Spain adagonjetsa Jannik Sinner pa fainolo ya mpikisano wa tenisi wa French Open, pa bwalo ladothi la Philippe-Chatrier. Adalimbana maola 5 ndi mphindi 29, zigoli n'kukhala 4-6, 6-7, 6-4, 7-6, 7-6. Pali njira ziwiri zounikira masewerowa.

Yoyamba ndi kuphatikiza zonse. Sinner adapeza mapointi 193, Alcaraz 192. Magemu: Alcaraz 30, Sinner 29. Njirayi imatiuza zoona, kuti awiriwa adali ofanana mphamvu. Koma wogonja ndiye adapeza mapointi ambiri, ndiye singatiuze chifukwa chake chikho chidapita ku Spain.

Yachiwiri ndi kusankha mapointi olemera, ndipo ine ndimaikhulupirira kwambiri. Mu seti yachinayi Sinner ankatsogola 5-3, Alcaraz akuseva, zigoli zili 0-40. Pointi imodzi yokha, Sinner akadanyamula chikho. Sinner adali ndi mipata itatu yotero, koma Alcaraz adaipulumutsa yonse, n'kutenga tie-break (gemu yothetsera seti ikafika pa 6-6) ya setiyo 7-3, kenako ya seti yomaliza 10-2. Pa dothi mpira umachedwa komanso umadumpha m'mwamba, choncho sevu yokha sikupulumutsa munthu. Pointi iliyonse amaikhetsera thukuta, ndipo miyendo idali itatopa kale.

Vuto la njirayi n'lakuti mapointi otere ndi ochepa, mwayi umalowererapo. Pofuna kulosera masewero awo otsatira, ndingadalire 193 ndi 192 aja. Pofotokoza za tsikulo, ndimabwerera pa 0-40.