Makina a MRI kwa amene amabanika pamalo opanikiza: otseka, otakata kapena otseguka?

Wodwala wa ku Salima kapena ku Nkhotakota akauzidwa kuti akajambulidwe ndi MRI, makina ojambula za m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kukafika kumeneko n'kulephera kulowa m'makina chifukwa cha mantha n'kutaya ndalama ya thiransipoti pachabe, choncho funsiranitu mtundu wa makinawo musanakwere minibasi.

Makina otseka ali ndi bowo lolowamo munthu lotakata masentimita 60, ndipo maginito ake ndi a 1.5 kapena 3 Tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito). Zithunzi zake n'zomveka bwino, koma denga limakhala pafupi ndi nkhope, phokoso lake ngati la chigayo, lopitirira madesibelo 100. Otakata ali ndi bowo la masentimita 70 pa mphamvu yomweyo. Masentimita 10 amenewa akuoneka ochepa, koma mapewa sagunda m'mbali, ndipo ife timati awa ndiwo abwino kwa anthu ambiri amantha. Otseguka alibe khoma m'mbali, monga a 0.35 Tesla amene anaikidwa kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Munthu amapuma momasuka, kungoti maginito ofooka amachedwetsa ntchito ndipo tinthu ting'onoting'ono sitioneka bwino kwenikweni.

Kujambula kumatenga mphindi 20 mpaka 45, m'zigawo za mphindi zochepa. Mukagwedezeka, chigawo chimenecho chimatuluka chosaoneka bwino n'kubwerezedwa, nthawi n'kumatalika. Tsekani maso bedi lisanayambe kulowa, osati mutalowa kale, kapena phimbani maso ndi kansalu. Valani zotsekera m'makutu. Kampira kamene amakupatsani m'manja n'koitanira ojambula, ndiye kayeseni kaye musanalowe. Ngati akujambula bondo kapena phazi, amayamba kulowetsa miyendo, mutu umatsala chakunja. Chovuta ndi mutu, poti amakuvekani chonga khola kunkhope. Pemphani kagalasi koonera kunja ngati kalipo.

Mantha akakhala aakulu, adokotala angakulembereni diazepam, mankhwala ochepetsa nkhawa, omwa pafupifupi ola limodzi musanalowe. Tsiku limenelo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto, bwerani ndi wokuperekezani.

Nenanitu za chitsulo chilichonse m'thupi. Owotcherera zitsulo amene kachidutswa kanawalowapo m'diso, ndi asodzi amene mbedza inathyokera m'dzanja, asabise, chifukwa maginito amatha kuchisuntha kapena kuchitenthetsa.